Bowo Lachisanu ndi Chiwiri

Ku Septmoncel, chipale chikatseka njira,
ng'ombe zikayamba kupuma nthunzi m'khola,
amayi ankakokera benchi pazenera
monga asendezera wodwala padzuwa.
Kuwala kunali kochepa. Sankatayako n'kadontho komwe.

Dzanja lamanzere pa chogwirira, kupukusa,
lamba wachikopa n'kudzutsa gudumu la mtovu;
lamanja litatsina kandodo konga cholembera,
kunsonga kwake, m'phula lakuda,
topazi yochepa ngati njere ya tirigu.
Ndimakumvabe kulira kuja: kwee, kwee, kenako zii.
Akweza, apukuta ndi chala, ayang'ana,
abweza.

Pambali pa gudumu panaima thabwa la mabowo,
bowo lililonse ndi kupendeka kwake.
Mchira wa kandodo ukalowa lachitatu, mwala ulandira nkhope;
ukalowa lachisanu, nkhope ina pamwamba pa inzake.
Panalibe nambala yolembedwa paliponse.
"Anthelme," ankatero, "diso limanama madzulo.
Tchera khutu. Mwala ukakhuta umasintha mawu."
Ine ndinkangomva phokoso.

Ntchito yanga inali nyali:
kufewetsa phula, kutembenuza mwala, kuumatanso.
Zala zanga zinapsa mpaka zinaleka kudandaula.
Tsiku lina safiro inandipulumuka,
inadumpha kawiri n'kulowa pampata wa matabwa.
Tinazula pansi pa nyumba mpaka pakati pa usiku,
atate akutukwana, amayi ali chete,
chifukwa a Bavoux ankadziwa kuwerenga.

Ankabwera Loweruka, a Bavoux,
kasikelo m'thumba la jasi, galasi pa diso limodzi.
Madazeni khumi ndi awiri m'kapepala kopinda.
Pamene ife tinkaona nyenyezi, iwo ankapeza kakala,
n'kuchotsera.
Miyala inkatsika phiri kupita ku Paris
kukakhala pamakosi amene amayi sanawaonepo.
Pakhosi pawo panali mpango waubweya basi.

Mtovu suchita phokoso.
Unayamba ndi kamzere kabuluu pankhama,
kenako m'mimba kupota usiku,
kenako dzanja lamanja lija, lodziwa mabowo onse,
linalendewera pamfundo ngati tsamba la kabichi lofota.
Dokotala wa ku Saint-Claude anati, "Siyani."
Amayi anaseka: "Ndiye tizidya chipale?"
Anamanga kandodo kuzala ndi kansalu,
nyengo ziwiri zozizira anapirira choncho.

Ine ndinatsikira kuchigwa, kufakitale ya magetsi,
kumene makina amanola miyala makumi atatu nthawi imodzi
osafunsa khutu la munthu.
Zaka makumi anayi. Mano anga onse alipo.
Sindinena zoipa za malo amene anandidyetsa.

Lero ndabwera kudzagulitsa nyumba.
Mayi wa hotela akufuna benchi,
ati aikapo maluwa pakhomo, alendo azijambula.
Ndapukuta fumbi pathabwa lija.
Mabowo onse akadali ozungulira,
koma lachisanu ndi chiwiri linakula, linatsetsereka mbali imodzi
ngati chidendene cha nsapato ya munthu wotsimphina.
Pamenepo ndiye ankakhalitsa,
pa tinkhope tapansi tija tosaoneka mwala ukalowa m'mphete,
timene timabweza kuwala kuti kusathawe.
A Bavoux sankayang'ana kumeneko.

M'kabati ndapezamo kandodo, kansalu kakadali komanga.
Mwala uli m'phula: pamwamba pomaliza,
pansi pakadali pokhakhala ngati mchere.
Anasiyira panjira. Sindikudziwa linali tsiku lanji;
ndinali kuchigwa.

Ndakhala pampando. Ndadontheza madzi pagudumu.
Mchira wa kandodo walowa wokha m'bowo lake,
dzanja langa langotsatira.
Ndapukusa. Lamba wouma walira, wagwira.
Kwee, kwee.
Ndatseka maso ngati mwana womvera,
ndi makutu anga ogontha ndi fakitale.

Mayi wa hotela waimba hutala panja kachiwiri.
Adikire.
Mwala sunasinthe mawu.